Opaleshoni ya achimwene: zotuluka, zolowa ndi ngongole yotsala

Bukuli ndi la pabanja pathu, kumapiri a Dedza, mbali yopenya kumalire a Mozambique. Abale analisiya m'manja mwanga chifukwa ndine mphunzitsi. Wodwala anali achimwene anga aakulu, mlimi wa mbatatesi, bambo wa ana asanu. Nthenda yawo inali phudzi, lomwe kuchipatala amati haniya: thumbo limapeza pofooka m'munsi mwa mimba n'kumatsikira kumene siliyenera kukhala. Ndalemba chilichonse chimene chinachoka pakhomo chifukwa cha nthendayi, kuyambira mu 2022 mpaka pa 30 Sepitembala 2024. Nkhuku ndi ufa ndaziwerengera pa mtengo wa pamsika wa nthawiyo.

ZINTHU ZISANAFIKE POVUTA

2022. Mankhwala a zitsamba: K6,000 ndi tambala mmodzi wa K5,000. Achimwene anauza alamu okha. Nthenda ya pamalo amenewa mwamuna saitchula pagulu, ndipo chotupacho chinkabwerera chokha akagona chagada n'kuchikankha ndi dzanja.

Ogasiti 2023. Kukaonana ndi adokotala. Kabaza mpaka pamsewu wa M1, kenako minibasi, kupita ndi kubwera K7,000. Buku latsopano la kuchipatala ndi kachakudya ka masana, K1,500. Pamodzi K8,500. Atawapima anawauza kuti phudzi silimva mankhwala akumwa, limafuna opaleshoni, ndipo ndi yaing'ono. Anawalembera tsiku.

Okutobala 2023. Tsiku lija litakwana: yoyendera K7,000, chakudya cha madzulo K2,000. Pamodzi K9,000. Anafika osadya kanthu monga anawalangizira, n'kukhala pabenchi kuyambira m'mawa. Tsiku limenelo kunabwera amayi oyembekezera motsatizana, ana atakanika kubadwa, ndipo fiyeta inali yawo mpaka dzuwa kupendeka. A phudzi onse anawabweza n'kuwapatsa tsiku lina. Pamzere umenewu sindikudandaula munthu. Mayi amene mwana wapingasa m'mimba sangadikire mawa, ndipo ndikanakhala wosankha ndine, ndikanasankha chimodzimodzi. Vuto n'lakuti boma la Dedza linali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018, osawerengera abale athu a ku Angónia amene amawoloka malire kudzafuna thandizo kuno, pamene malo ochitira opaleshoni ndi ochepa kwambiri. Tebulo likachepa, amene akuoneka kuti angathe kudikira ndiye amabwezedwa.

Disembala 2023. K0. Sanapite. Tsiku latsopanolo linagwa m'kati mwa kupalira ndi kuthira feteleza. Mu Novembala kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti, moti ulendo wa K7,000 unali utafika K10,000. Anati akapita akakolola.

Gawo limeneli: K28,500.

USIKU WA PA 11 JUNI 2024

Chotupa chinatsika ali kudimba, atanyamula makheni awiri a madzi, cha m'ma 4 koloko madzulo. Ulendo uno chinakana kubwerera. Pofika 8 koloko anali akusanza, mimba itafufuma, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali chisanu cha Juni. Alamu anatuma mwana kudzandiitana.

Mayunitsi oimbira akabaza: K1,000.

Njinga zamoto ziwiri mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu, mtengo wa usiku: K12,000. Achimwene anakhala pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira kuti asagwe. Alamu anakwera yachiwiri ndi bulangete, zitenje ndi poto. Msewu wathu ndi wafumbi, wamiyala, wotsetsereka, ndipo tayala likagunda mwala ndinkamva thupi lawo lonse likuuma.

Kuchipatala chaching'onocho: K0. Adokotala a pamalopo anadzuka, anawagwira pamimba, anawaika dripi, anawabaya jakisoni wa ululu n'kulemba kalata. Anati, “Bambo, izi ndi za ku fiyeta, ndipo ndi za usiku womwe uno.” Pamenepo amachiza malungo, amabaya katemera, amathandiza amayi kubereka, amasoka mabala, koma satsegula mimba. Ambulansi inali itapita mbali ina kukatenga mayi wotaya magazi.

Hayala ya Sienta mpaka kuchipatala chachikulu: K45,000. Mwini wake anayambira pa K60,000. Petulo pa pampu anali K2,530 pa lita, koma kwathu amagulidwa m'mabotolo pa mtengo wokwera, ndipo galimotoyo inkayenera kubwerera yopanda munthu. Sindikuti anatibera.

Ndalama zimenezi pakhomo panalibe. Pakati pa usiku ndinakagogoda kwa wakatapila wa pamsika pomwepo: K60,000, kubweza K90,000 mwezi ukatha. Kumudzutsa, kupeza mboni, kusainirana ndi kusaka dalaivala zinadya pafupifupi maola awiri, achimwene ali gone pabenchi, dripi ikudontha.

Tinachoka pakhomo cha m'ma 9 koloko, n'kufika pageti la chipatala chachikulu cha m'ma 2 koloko usiku. Analowa mu fiyeta kukucha. Mu 2015 gulu la akatswiri limene linasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linaika muyeso wakuti munthu azitha kufika pasanathe maola awiri pachipatala chodziwa zinthu zitatu: kutulutsa mwana pa opaleshoni, kutsegula mimba, ndi kukonza fupa lothyoka limene laboola khungu. Ife tinatenga maola asanu. Oyenda pamsewu sanakwane awiri. Otsalawo anathera pa kupimidwa, kudikira, ndi kusaka galimoto ndi ndalama.

Gawo limeneli: K58,000.

M'CHIPATALA, 12 MPAKA 24 JUNI

Kupima magazi: K0.
Madripi: K0.
Mankhwala ogonetsa: K0.
Opaleshoni: K0.
Bedi: K0.
Chakudya cha wodwala: K0.

Mizere isanu ndi umodzi imeneyi ndaisiya m'buku mwadala, chifukwa ndi imene inapulumutsa achimwene. Zipatala za boma sizilipiritsa wodwala wamba. Pakanakhala bilu ya fiyeta yoti tiyambe talipira, tsamba lotsatira likanakhala la bokosi ndi ufa wa pamaliro. Zipatala za mishoni tinaziganizira, Mua kumunsi kwa phiri cha ku Mtakataka, ndi Nkhoma cha ku Lilongwe. Ndi zipatala za mbiri yabwino, koma ndi za CHAM ndipo zimalipiritsa kuti ntchito iyende. Mapangano amene boma limachita nazo kuti anthu azithandizidwa ulere amakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi makanda. Bambo wa phudzi amalowa m'thumba mwake.

Amene anachita opaleshoniyo ndi kilinikala ofesa, ndipo wogonetsa anali kilinikala ofesa mnzake. Ife kumudzi tonse timangoti adokotala. Dziko lino linayamba kuphunzitsa anthu amenewa mu 1976, madokotala ali ochepa zedi. College of Medicine ya ku Blantyre inadzatsegulidwa mu 1991. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2007 anatsatira maopaleshoni 2,131 a amayi oyembekezera m'zipatala 38 za m'maboma. Anapeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse anachitidwa ndi makilinikala ofesa, ndipo odwala awo ankachira mofanana ndi a madokotala. Manja odziwa ntchito m'maboma muno alipo. Amene anachita opaleshoni ya achimwene uja anali atagwira usiku wonse, koma atatuluka mu fiyeta anaima nafe pakhonde kutifotokozera. Kachigawo ka thumbo kotalika ngati chikhatho kanali katada, katafa chifukwa chopanikizika. Anakadula n'kulumikiza mbali ziwirizo. Anati, “Akanang'ambidwa chaka chatha, bwenzi atagona kuno masiku awiri basi.”

Nditawaona achimwene m'wodi anali ndi paipi m'mphuno, ikutsitsira madzi obiriwira m'thumba la pulasitiki pansi pa bedi. Bandeji inayambira pamchombo kutsika. Milomo inali itauma, alamu akuinyowetsa ndi kansalu koviika m'kapu. Anakhala masiku atatu osalawa kanthu. M'mawa uliwonse anamwino ankafunsa, “Bambo, mwatulutsako mpweya?” Tsiku lomwe anavomera ndi lomwe analoledwa phala lamadzimadzi.

Magazi: K14,000. Botolo limene anawapatsa linali laulere, koma anatipempha kubweretsa abale odzabwezera m'nkhokwe. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linayamba mu 2003, limatolera magazi kwa opereka mwaufulu, ambiri mwa iwo ana asukulu, koma sakwanira, ndiye zipatala zimatembenukirabe kwa achibale. Anabwera anyamata awiri, ana a mlongo wathu. Anapalasa njinga mpaka pamsewu kuti apulumutse ya kabaza. Minibasi ndi chakudya, K7,000 aliyense.

Mankhwala ogula kufamase: K18,000. Chilonda chinachita mafinya, ndipo mankhwala oyenera anali atatha sabata imeneyo. Anatilembera papepala. Mankhwala ambiri dziko lino limagula kunja ndi madola, omwe akhala akusowa.

Tsopano za gadiyani, zomwe ndi zambiri kuposa zina zonse za m'gawoli. Anamwino m'wodi ndi ochepa, mabedi ndi ambiri. Wosambitsa wodwala, womutembenuza, wotaya mikodzo, wochapa, wothamanga kukaitana anamwino dripi ikatha, ndi gadiyani. Chipatala chimadyetsa wodwala yekha. Alamu ankagona pansi, pambali pa bedi, n'kumaphika kuchitando.

Ufa wochokera kunyumba, thini limodzi pamodzi ndi chigayo: K15,000.
Nkhuni, K700 pa tsiku, masiku 12: K8,400.
Ndiwo, K1,500 pa tsiku: K18,000.
Mchere, mafuta ophikira, shuga ndi masamba a tiyi: K9,600.
Sopo wochapira ndi wosambira: K3,200.
Beseni ndi ndowa ya pulasitiki: K6,500.
Kutchaja foni ndi mayunitsi ouzira akumudzi mmene wagonera wodwala: K4,800.
Pamodzi K65,500.

Nkhuni kwathu sitigula, ndipo ndiwo timathyola kudimba. Munthu akangokhala gadiyani, chilichonse chimene kunyumba amangotola chimasanduka chogula. Nkhunizo zikanaposa pamenepa amayi a kuchitando akanapanda kuphatikizana. Juni wa ku Dedza amaumitsa zala, ndiye mbandakucha amasonkha moto umodzi n'kumatereka miphika mosinthana, wina akuvundula phala, wina akuwotha, wina akutenthetsa madzi okasambitsira wodwala. Amadziwana ndi nambala ya bedi ndi dzina la nthenda asanadziwane maina.

Pa thini la ufa lija alamu anatapako mbale zingapo kupatsa mayi wa ku Mozambique amene mwamuna wake anagona bedi loyandikana. Bamboyo anathyoka fupa la ntchafu pa ngozi ya njinga yamoto. Anamulowetsa chitsulo m'munsi mwa bondo, n'kumangapo chingwe, cholemera chikulendewera kumapazi a bedi kuti fupa liwongoke. Inali sabata yake yachisanu ali chigonere. Mafupa m'zipatala za m'maboma amasamalidwa ndi makilinikala ofesa a mafupa, omwe maphunziro awo anayamba mu 1985, ndipo kukoka ndi chingwe kumachiza ndithu, koma kumadya masabata. Mu 2023 pa Kamuzu Central anatsegula chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, komwe fupa lotere angathe kuliika chitsulo m'kati munthu n'kudzuka msanga. Koma Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera paboma pa Dedza, ndipo gadiyani wa kumeneko amagula ndiwo pa mtengo wa m'tauni. Mayiyo ufa wake unali utatha, chimanga chake chili chiimire kumunda osakolola. Ufa umene tinamupatsa sindinauchotsere padera. Uli m'kati mwa K15,000 ija.

Maulendo anga: kubwerera kusukulu K5,000, kukazonda Loweruka kawiri K20,000. Amayi athu, ulendo umodzi, pamodzi ndi buledi ndi nthochi zomwe anakakamira kugulira mwana wawo: K11,000. Pamodzi K36,000.

Gawo limeneli: K133,500.

ATATULUKA

Kubwerera kumudzi: K22,000. Tinalipira mipando iwiri yakutsogolo kuti asapanikizidwe, ndipo kuchoka pamsewu tinafuna galimoto chifukwa kabaza anawaletsa.
Kukachotsa ulusi kuchipatala chaching'ono: K8,000.
Kukaonedwanso kuchipatala chachikulu: K11,000.
Pamodzi K41,000.

Aganyu: K70,000. Adokotala anati miyezi itatu osanyamula cholemera, osagwira khasu. Dimba la kabichi limafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo munda wa chimanga umafuna kusosa. Alamu okha ndi ana sakanatha.

Chiwongoladzanja cha katapila: K30,000.

Chiwongoladzanja cha banki mkhonde: K32,000. Alamu anatenga K80,000 pa 20 peresenti pa mwezi, miyezi iwiri.

Zodula potumiza ndi potapa ndalama pa foni: K3,500.

ZONSE ZOTULUKA: K396,500.

Pa ndalama zimenezi, zogulira mankhwala a kuchipatala ndi K18,000 yokha. Pafupifupi zina zonse ndi msewu, moto, ndiwo, ganyu ndi chiwongoladzanja. Lipoti la The Lancet lija linanena kuti chaka chilichonse anthu 33 miliyoni pa dziko lapansi amawononga ndalama zopitirira mphamvu zawo polipira opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa, ndipo kwa ena 48 miliyoni zimenezi zimachitika chifukwa cha zapambali: mayendedwe, chakudya ndi pogona. Khomo la achimwene lili m'gulu lachiwirili. Chaka chomwecho cha 2015, mu Meyi, msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unavomereza chigamulo, chomwe anatsogolera anzathu a ku Zambia, chakuti opaleshoni yofunikira ikhale mbali ya chithandizo cha zaumoyo chofikira aliyense, makamaka pa zipatala za m'maboma. Ndimagwirizana nacho ndi mtima wonse. Ndingopempha kuti ochiwerenga aziyambira kuwerengera pakhomo la wodwala, chifukwa ndalama zathu zambiri zinathera kunja kwa geti.

ZOLOWA

Za 2022 ndi 2023 zinalipidwa nthawi yomweyo, ndipo ufa unali wa m'nyumba. Zotsala zofuna ndalama yeniyeni zinali K353,000.

Mbuzi ziwiri zazikazi: K110,000. Ndi zimene zinabweza katapila.
Mbatatesi za kumtunda, zogulitsa zisanakumbidwe: K100,000.
Pa malipiro anga: K50,000.
Mphwathu wa ku Johannesburg, kudzera pa Mukuru: K40,000.
Akhristu a mphakati: K8,000.
Pamodzi K308,000.

ZOTAYIKA ZIMENE SIZILI M'MASAMU A PAMWAMBAWA

Mbuzi iliyonse ikanagulidwa K70,000 tikanadikira tsiku la msika. Wogula anadziwa kuti pakhomo pali matenda. Zotayika: K30,000.

Mbatatesi anagula venda atangoyenda m'mizere n'kuzula mapando angapo. Anakumba yekha ndi anyamata ake. Mnansi wathu wa munda wofanana anadikira, anakumba yekha, n'kupeza pafupifupi K220,000. Zotayika: K120,000.

Mwana wamkazi wa Sitandade 6 anajomba kusukulu masabata awiri kuti aziphikira azing'ono ake. Pamenepa palibe mtengo woti ndilembe. Pa mayeso a kumapeto kwa chaka anakhoza, koma masamu anatsika.

Kuphatikiza zotayika zowerengeka, nthendayi yadya K546,500.

Ndinayesa kuwerengera kuti zikanakhala bwanji opaleshoni ikanachitika tsiku lija la Okutobala 2023. Yoyendera anthu awiri, chakudya cha gadiyani masiku awiri, hayala yobwerera, ndi ganyu pang'ono m'chilimwe ntchito zitachepa: sizikanaposa K40,000. Thumbo silikanadulidwa, magazi sakanafunika, mbuzi zikanakhala m'khola. Ndiye zopempha zanga kwa oyendetsa zaumoyo ndi zazing'ono poyerekeza ndi zimene mabanja akutaya. Pakhale tebulo lachiwiri ndi anthu ake, loti a phudzi, a zotupa ndi ena olembedwa tsiku asamabwezedwe amayi akafika. Wolembedwa tsiku aziimbiridwa foni ngati zasintha, asanawononge yoyendera. Ambulansi zichuluke ndipo zisamaime chifukwa cha mafuta. Komanso azaumoyo a m'midzi azilankhula za phudzi poyera pa misonkhano ya amfumu, monga amachitira ndi malungo ndi chifuwa chachikulu, chifukwa amuna obisa chotupa m'midzi mwathu muno ndi ambiri.

NGONGOLE YOTSALA PA 30 SEPITEMBALA 2024

Aganyu: K20,000. Avomera kudikira kabichi wa Okutobala.
Banki mkhonde: K25,000. Amayi a gululo anagwirizana kuimitsa chiwongoladzanja, ndipo adzadula pa masheya a alamu pogawana mu Disembala.
Pamodzi K45,000.

Ndalama ya mbatatesi inali ya feteleza. Mu Sepitembala 2024 kusitolo thumba linali litapitirira K80,000, ndipo dzina la achimwene silinali pa mndandanda wa ogula wotsika mtengo wa K15,000. Chaka chino chimanga adzala theka la munda, theka linalo nyemba. Ayamba kugwira khasu m'mawa mokha.

Pa ulendo wokaonedwanso uja adokotala anapeza kuti mbali inayo nayonso yafooka, pali kachotupa kakang'ono. Awalembera tsiku mu Novembala. Pabanja tagwirizana kuti apita ngakhale mvula itagwa dzulo lake, ndipo akabwezedwa apitanso. Ndatsegula tsamba latsopano. Yoyendera anthu awiri, kupita ndi kubwera: K20,000. Yomwe yapezeka mpaka lero: K4,000.